Chofunda cha zigamba: woyamba kumene asankhe njira iti, agule zida ziti kuno ku Mangochi?

Aliyense wodutsa m'makonde a masitolo pa Mangochi boma, ku Monkey Bay kapena ku Namwera amaudziwa mulu wa tizidutswa ta zitenje umene umaunjikana pansi pa makina a matelala. Ikayandikira Idi, Khirisimasi kapena nyengo ya maukwati, muluwo umakula mpaka ena kuusesera kudzala. Komatu tizidutswa timeneti tikalumikizidwa bwino timatulutsa chofunda chokongola kuposa mabulangete ambiri a m'sitolo. Masiku ano amayi, atsikana ngakhalenso anyamata ayamba kulifuna lusoli ataona zithunzi pa Facebook ndi makanema pa YouTube.

Chimene chimandidetsa nkhawa n'chakuti makanema ambiriwo amajambulidwa ku America ndi ku Ulaya, kumene kumazizira mpaka madzi kuundana, magetsi sathimathima, ndipo chofunda chimachapidwa ndi makina. Kuno mu Okutobala ndi Novembala anthu amatulutsa mkeka n'kugona pakhonde osafunda kanthu. Kuzizira kwenikweni kumabwera mu Juni ndi Julayi, mwera ukamaomba kuchokera kum'mwera. Zochapa timachapa pamanja, m'beseni kapena kunyanja, n'kuzifinya ndi mphamvu. Woyamba kumene akatengera zonse za m'kanema, amawononga ndalama pa zida zomwe sakanafunikira, n'kusoka chinthu chotentha moti palibe wofuna kuchifunda. Ine ndimati musanasankhe njira kapena chida chilichonse, dzifunseni za kutentha kwa kwanu, kachapidwe kanu ndi magetsi anu.

Chofunda cha mtundu umenewu chimakhala ndi zigawo zitatu: chapamwamba cha zigamba, chapakati chopatsa thupi, ndi nsalu yakumbuyo. Ntchito zake zazikulu ndi ziwiri, kulumikiza zigambazo, kenako kusoka zigawo zitatuzo kuti zigwirane.

Nsalu poyamba

Zitenje za masiku ano si zonse za thonje. Zambiri zotsika mtengo ndi za poliyesitala kapena zosakaniza, ndipo m'mulu wa telala zonse zimakhala pamodzi. Kuzisiyanitsa sikuvuta. Dulani kachidutswa, mupite nako panja, mukayatse ndi machesi. Thonje limayaka msanga, limamveka fungo la pepala lopsa, n'kusiya phulusa lofewa lofumbutuka m'zala. Poliyesitala imakhwinyata, imasungunuka, n'kusiya kamkanda kolimba. Thonje ndilo labwino kwa wophunzira: likasitidwa limagona pomwe mwaligoneka, siliterera posoka, ndipo limamwa thukuta. Poliyesitala musaitaye, koma muisonkhanitse payokha, idzapange zikwama kapena zophimbira mapilo.

Kaunjika nayenso ndi mgodi wa nsalu. Malaya aamuna a thonje, masiketi otakata ndi nsalu zoyala pabedi zimapereka zigamba zabwino, makamaka za mtundu umodzi zopanda maluwa, zomwe zimafunika kwambiri. Chitenje chimakhala ndi mitundu yolusa, ndipo mukalumikiza zitenje zokhazokha maso amasowa popumira. Chigamba choyera, chakuda kapena chabuluu pakati pa zitenje ziwiri chimachititsa kuti zonse ziwiri zioneke. Pewani malaya otamuka, amakoka msoko n'kupindika. Jinzi ndi yolimba koma ndi yolemera, imayenera choyala pansi chokhalira ana, osati chofunda.

Nsalu iliyonse ichapidwe isanadulidwe. Thonje latsopano limafupika likalowa m'madzi koyamba, ndipo zitenje zofiira ndi zabuluu wakuda zimakonda kutulutsa utoto. Nyowetsani kansalu koyera, mutikite pa chitenjecho. Kakatenga mtundu, tsukuluzani chitenjecho mpaka madzi ayere. Ambiri amathira mchere poganiza kuti umanga utoto, koma utoto wa kufakitale sumangika ndi mchere. Nsalu yokana kuyera madzi isalowe m'chofunda chokhala ndi zoyera.

Popempha zidutswa, musangotola ngati zinyalala. Mawu akuti, "Achimwene, zidutswazi muzindisungirako m'thumba, ndizidzatenga Lachisanu," limodzi ndi kangachepe m'manja, amakupezerani telala amene adzayamba kukupatulirani zazikuluzikulu. Ndipo ngati chofundacho ndi cha mphatso kapena chogulitsa, funsani kaye za zithunzi za pansalu. Mabanja ena achisilamu sakonda nsalu za nkhope za anthu kapena nyama, ndipo nsalu ya chipani si aliyense angaigoneke pabedi pake.

Kulumikiza zigamba

Njira imene aliyense amaiganiza poyamba ndi ya masikweya ofanana, osokedwa m'mizere. Imaoneka yophweka, ndipo pa zitenje za maluwa akuluakulu imakhala bwino chifukwa chigamba chachikulu chimasunga duwa lonse. Mukadula masikweya a masentimita 14 n'kusiya msoko wa sentimita imodzi mbali zonse, lililonse limatsala masentimita 12. Masikweya 80, oikidwa 8 m'lifupi ndi 10 m'litali, amapanga chofunda cha mwana cha masentimita 96 ndi 120. Kumayiko kumene lusoli linakhazikika amasiya msoko wa kota ya inchi, pafupifupi mamilimita 6, koma muyeso weniweni si nkhani; nkhani ndi yakuti ukhale womwewo pa msoko uliwonse. Apa m'pamene njirayi imagwetsa ulesi oyamba kumene. Msoko ukakula ndi mamilimita 2 okha, umadya mamilimita 4 chifukwa umatenga ku zigamba zonse ziwiri. Mumzere wa masikweya 15 muli misoko 14, ndiye kuti mzerewo ufupika ndi masentimita oposa 5, ndipo ngodya zake sizikumananso ndi za mzere woyandikana nawo. Amene anazolowera kale makina ayambe ndi njirayi. Amene sanawongole dzanja, aidikire.

Njira imene ndimailimbikitsa ndi mtima wonse ndi yosokera zigamba pa nsalu yapansi. Mumadula nsalu yakale yopyapyala, monga yoyala pabedi yomwe yayamba kutha, m'masikweya a masentimita 25 kapena 30. Pakati pa sikweyalo mumagoneka kachidutswa kamodzi chagada. Kachiwiri mumakagoneka chafufumimba pamwamba pa koyambako, m'mphepete mofanana, n'kusoka mzere umodzi wobowola zonse mpaka nsalu yapansiyo. Mukatero mumakatembenuza kachiwiriko, kukasita, n'kuikanso kachitatu. Mumapitiriza choncho mpaka nsalu yapansi yonse itaphimbika, kenako mumatembenuza n'kudula zonse zolendewera potsata m'mphepete mwa sikweyalo. Ubwino wake ndi wakuti zidutswa za telala sizikhala za muyeso umodzi: zina zazitali zowonda, zina zopendekeka, zina zodulidwa mopingasa ulusi moti zimatamuka. Nsalu yapansi imazigwira zonsezo kuti zisakoke. Msoko ukakhota pang'ono palibe angadziwe, pakuti muyeso wa sikweya umachokera ku nsalu yapansiyo osati ku luso la dzanja lanu. Palinso phindu lina lomwe kuno ndi lalikulu: nsalu yapansiyo imakhala kale chigawo chapakati, moti kwa ife a m'mphepete mwa nyanja palibenso chifukwa choikamo china.

Amene amaopa kuti zoterezi zioneka zaumphawi aone ntchito ya amayi a ku Gee's Bend, mudzi wa anthu akuda m'chigawo cha Alabama ku America. Iwo ankasoka zofunda kuchokera ku zovala zogwirira ntchito zong'ambika, mizere yake yosawongoka, mitundu yake yosankhidwa ndi diso basi. Mu 2002 zofunda zawo zinaonetsedwa m'nyumba yaikulu ya zaluso ku Houston, ndipo mu 2006 zinaikidwa pa masitampa a dzikolo.

Kwa amene alibe makina, pali njira ziwiri zapamanja zosiyana kwambiri. Yoyamba ndi yokulunga kansalu pa kapepala kodulidwa ngodya zisanu ndi imodzi, n'kumalumikiza tizigambato m'mphepete ndi timisoko ting'onoting'ono, mapepalawo n'kudzawachotsa pomaliza. Imatuluka yaudongo zedi, ndipo ntchito yake imalowa m'kachikwama, mumasoka muli pamsika kapena podikira kusikelo. Koma imachedwa kwambiri. Yesani pa chophimbira pilo, osati pa chofunda cha bedi lalikulu.

Yachiwiri ndi ya anthu a mtundu wa Siddi a ku Karnataka m'dziko la India, amene makolo awo ambiri anatengedwa ukapolo kuchokera kuno kum'mawa kwa Africa. Zofunda zawo amazitcha kawandi. Amayala nsalu yakumbuyo pansi, n'kuyambira m'mphepete: amatenga chigamba, kupinda m'mbali mwake, kuchigoneka, n'kusoka mzere wa misoko yoyenda mozungulira chofunda chonse. Mzere wotsatira umalowa m'kati pang'ono, pafupifupi mulifupi mwa chala, ndipo singano ikafika pomwe chigamba chathera amalowetsapo china. Amazungulira choncho mpaka kukatsekera pakati. Palibe tepi, palibe simbi, palibe makina, ndipo kulumikiza zigamba ndi kugwirizanitsa zigawo zimachitika nthawi imodzi. Pomwe mwafika pakati, chofunda chatha. Kwa mayi wa ku Makanjira kapena ku Katuli amene ali ndi singano, ulusi ndi chitenje chakale basi, sindikuona njira yoposa imeneyi. Dzanja lokha limatopa, choncho yambani ndi kakang'ono.

Kusokerera chithunzi pamwamba pa nsalu, monga chambo, mlambe kapena bwato, kumakopa alendo a ku Cape Maclear, koma ndi luso loti mudzaphunzire mukatha chofunda choyamba.

Makina, sizasi ndi simbi

Ntchito yonseyi imafuna msoko wowongoka basi. Makina amagetsi a misoko yokhotakhota yambirimbiri sakuwonjezerani kanthu pano. Makina opalasa ndi mapazi, kaya a Singer akale kapena a Butterfly ochokera ku China, ndiwo oyenera kuno. Sadikira magetsi, ziwalo zake ndi zachitsulo, amabowola nsalu zosanjikiza popanda kudandaula, ndipo pafupifupi pamsika uliwonse pali munthu wodziwa kuwakonza. Lamba, mabobini ndi singano zake sizisowa. Manja onse awiri amatsala akuwongolera nsalu, chomwe chili chofunika chofunda chikayamba kukula. Opukusa ndi dzanja ndi otsikirapo mtengo ndipo amanyamulika, koma dzanja limodzi lokha ndilo limagwira nsalu. Pa masikweya ang'onoang'ono amakwanira, pa mizere italiitali amavutitsa, pokhapokha mwana akhale pambali n'kumakupukusirani.

Pogula makina ogwiritsidwa kale ntchito, tengani zidutswa zanu za chitenje, muzipinde kanayi, musoke pomwepo. Muyang'ane msoko mbali zonse ziwiri. Ukakhala ndi malupu pansi, nthawi zambiri n'kungomanga kapena kulowetsanso ulusi wapamwamba, si matenda. Koma makina odumpha misoko ngakhale mutaika singano yatsopano, kapena ogogoda m'kati, asiyeni. Amagetsi a pakaunjika muwerenge kachitsulo kolembedwa kumbuyo kwake: magetsi athu ndi a mavoti 230, pomwe a ku America ndi a 120 ndipo a ku Japan ndi a 100, choncho makina ochokera kumeneko amapsa mukangowalumikiza mwachindunji. Makina aakulu a m'mafakitale, monga a Juki, amathamanga mopitirira dzanja la wophunzira. Ndipo makina aliwonse athiridwe mafuta ake enieni. Mafuta ophikira amauma n'kumata ziwalo, fumbi la chilimwe n'kudzamalizitsa.

Singano ya makina ya nambala 80/12 ndi yolumikizira zigamba za thonje, ya 90/14 ndi ya zigawo zosanjikiza, ya 100/16 ndi ya jinzi. Ulusi muukoke ndi manja musanagule. Woduka msanga udzadukanso m'chofunda pochapa.

Pa zodulira, makanema ambiri amaonetsa mpeni wozungulira, umene kampani ya Olfa ya ku Japan inatulutsa mu 1979. Ndi chida chabwino: chimadula nsalu zingapo nthawi imodzi, mzere wake wowongoka bwino. Koma sichiyenda chokha. Chimafuna mphasa yake yapulasitiki yodulirapo ndi rula yochindikala, ndipo mpeni wake ukabuntha umafuna wina, womwe kuno simungaupeze msanga. Zonsezi ndi zochokera kunja, ndipo kuchokera pomwe kwacha inagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023 zakunja zakwera kwambiri. Ngati muli ndi mbale ku Johannesburg, monga mmene zilili m'mabanja ambiri kuno, mutha kudzamutuma akamabwera, abwere ndi mipeni yosinthira ingapo. Koma zimenezo zidikire mpaka mutayamba kusoka zogulitsa. Ndalama yoyamba ipite pa sizasi yaikulu yachitsulo, yomwe mwana asadzadulire pepala ngakhale tsiku limodzi. Muyeso mudule pa katoni yolimba, kapena pa chigubu chapulasitiki chophwatalala chomwe sichidyeka m'mphepete. Polemba pansalu, kachidutswa ka sopo wotsala pang'ono kutha kamalemba bwino pa nsalu zakuda ndipo kamachoka pochapa. Pa zoyera pensulo imakwanira. Bolopeni ayi.

Simbi ndi yofunika kuposa mmene ambiri amaganizira. Msoko uliwonse usitidwe musanausoke ndi wina, apo ayi chofunda chimatuluka chotupatupa. Ya makala imagwira bwino ntchitoyi chifukwa ndi yolemera. Muziipukuta pansi, muuzire phulusa kutali ndi nsalu, ndipo muziitsindika n'kuinyamula osati kuikhulula uku ndi uku, pakuti kukhulula kumatamula zigamba.

Choika pakati

Apa m'pamene kutentha kwa Mangochi kumalamula. M'masitolo a nsalu m'mizinda amagulitsa pa mita chinsalu chofutukuka cha poliyesitala, chomwe chimapangitsa chofunda kuoneka chonenepa mokopa. N'chopepuka ndipo chimauma msanga, koma chimasunga kutentha ndi thukuta. Ku Mpondasi kapena ku Malindi mudzachifunda milungu yochepa pa chaka. Chilinso ndi vuto lina. Zochapa zoyanikidwa pamchenga kapena paudzu zimaikiridwa mazira ndi ntchentche ija yoyambitsa mphutsi pakhungu, ndipo chimene chimapha mazirawo ndi simbi yotentha. Poliyesitala yapakatiyo ikamva simbi yotentha imafota n'kuuma gwa. Chofunda cha mwana chiyenera kukhala chotheka kusita.

Bulangete lakale limagwira ntchito kumapiri a ku Namwera kumene kuzizira kumaluma, koma likanyowa limalemera moti munthu mmodzi sangalifinye, ndipo nthawi ya dzinja limachedwa kuuma mpaka kununkha chinyontho. Siponji yopyapyala imene ena amaika imafumbutuka pakapita nthawi, isiyeni. Thonje la m'munda, lomwe limalimidwa kuno ndi ku Balaka, lingathe kugwira ntchito, koma lili ndi zofuna zake: njere zonse zichotsedwe chifukwa mafuta ake amathimbiriritsa nsalu, lipesedwe kuti ligone mofanana, ndipo mizere ya misoko italikirane masentimita awiri kapena atatu okha, apo ayi pochapa limaunjikana m'mibulu. Ndi ntchito ya munthu wozolowera.

Kwa ambiri a ife yankho ndi nsalu imodzi yakale ya thonje pakati, kapena osaikamo kanthu. Ku Bangladesh ndi kum'mawa kwa India, komwenso n'kotentha, amayi akhala akusanjikiza nsalu zawo zakale zopyapyala n'kuzisoka ndi misoko yoyenda, zofunda zotchedwa kantha. Zimakhala zofewa, zimachapika pamanja ndipo zimauma tsiku lomwelo. Zitenje ziwiri kapena zitatu zosuluka zimachita chimodzimodzi.

Kugwirizanitsa zigawo

Yalani nsalu yakumbuyo pamkeka kapena pasimenti yosesa bwino, chafufumimba, yokulirapo ndi masentimita 5 mbali zonse. Pamwamba pake muyale yapakati, kenako ya zigamba, n'kusalaza ndi manja kuchokera pakati. Zigwireni ndi mapini otseka kapena ndi misoko italiitali yodzamasula.

Kumanga mfundo ndiyo njira yachangu. Ndi ulusi wonenepa mumabowola zigawo zonse, kubwerera pamwamba, n'kumanga mfundo yobwereza, motalikirana ngati chibakera chimodzi. Masana amodzi ntchito yatha. Imayenera chofunda chokhala ndi bulangete kapena jinzi, chomwe singano siingayende bwino. Koma mfundo zimamasuka pochapa mofinya, ndipo khanda limakoka timichira take n'kuika m'kamwa, choncho pa chofunda cha mwana musamange mfundo.

Kusoka ndi makina n'kolimba, koma makina opalasa amakoka nsalu yapansi kuposa yapamwamba, ndipo pa chofunda chachikulu pamatuluka makwinya. Talikitsani msoko ufike pafupifupi mamilimita 3, masulani pang'ono sikuluwu yapamwamba yopanikiza phazi la makina, ndipo muziyambira pakati kupita m'mphepete. Mbali yolowa pansi pa mkono wa makina muikulunge ngati mkeka, ina yonse igone patebulo pambali kuti kulemera kwake kusakoke singano.

Ine ndimakonda misoko yapamanja ikuluikulu, ya ulusi wonenepa woyera kapena wachikasu, yotalika pafupifupi theka la sentimita, m'mizere yotalikirana zala ziwiri kapena zitatu. Imaoneka bwino pa chitenje, imasiya chofunda chili chofewa, ndipo pa zigawo zopyapyala singano imatola misoko itatu kapena inayi nthawi imodzi. Kachitsulo kovala kuchala chapakati n'kofunika. Kakasowa, kachikopa kokulunga chalacho kamathandiza. Anthu awiri kapena atatu atha kukhala mbali zosiyana za chofunda chimodzi n'kumasoka, bola agwirizane kuyambira pakati.

M'mphepete mwatsala. Njira yophweka ndi kudula yapakati mofanana ndi ya zigamba, kusiya nsalu yakumbuyo itapitirira ndi masentimita atatu, kuipinda kawiri kubwera kutsogolo, n'kuisoka. Yolimba kuposa pamenepo ndi kudula mizere ya nsalu ina ya masentimita 6 m'lifupi, kuipinda pakati m'litali mwake, kuisoka kutsogolo ndi makina, n'kuitembenuzira kumbuyo kukamaliza pamanja. M'mphepete ndi momwe mumayamba kutha chifukwa ndi mogwira pofunda ndi pofinya, choncho mupendere ndi nsalu yatsopano ngakhale zigamba zonse zitakhala zakale.